Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Ulendo wa ku Zanzibar ndi Ndalama za Mbuzi Ziwiri

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinagulitsira mbuzi ziwiri zimene malume anandisiyira kwathu ku Nkhotakota. Ndalama zimenezo, kuphatikiza ndi zimene ndinkapatula mwezi ndi mwezi pa malipiro a uphunzitsi, ndi zomwe zinandifikitsa ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, pa tchuthi cha mu Ogasiti, ngakhale aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti maulendo ongokaona malo ndi a azungu.

Ndinakwera basi mpaka ku Karonga, kenako ndinaoloka mlatho wa pa Songwe wapansi nditanyamula kachikwama kamodzi, ndipo popeza Mmalawi salipira viza polowa m'dziko la Tanzania, mtima unakhala m'malo. Ku Mbeya ndinasankha sitima ya TAZARA m'malo mwa basi, poona kuti munthu akagona m'sitima ndiye kuti tikiti imodzi yamulipirira ulendo ndi pogona pomwe. Njanjiyi inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia mpaka ku Dar es Salaam. Podutsa m'nkhalango ya Selous ndinaona mbidzi ndi akadyansonga pawindo, nyama zimene alendo ena amatayira madola ambiri kuti akazione.

Ku Dar es Salaam ndinagona pa resitihausi ina yotchipa pafupi ndi msika wa Kariakoo, chakudya changa chili mpunga wa nyemba wa amayi ophika m'mbali mwa msewu. Kumeneko ndiko kunandichitikira zochititsa manyazi. Mwini nyumbayo anandiuza kuti boti loyamba lopita ku Zanzibar limanyamuka "saa moja", ine nkumaganiza kuti akunena 1 koloko masana, osadziwa kuti Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, choncho iye ankanena 7 koloko m'mawa. Ndinakwera boti lina lamasana, ndipo tikiti yake, yomwe mlendo amalipira mokwera kuposa nzika, inandipweteka m'thumba kuposa china chilichonse paulendowu.

Ku Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar, zambiri ndinaziona ulele. Ndinayenda masiku awiri m'tinjira topanikizika mmene galimoto silingalowe, ndikuyang'ana zitseko zosemedwa mwaluso, ndipo madzulo ndinkakhala ku Forodhani, paki ya m'mphepete mwa nyanja, kumwa madzi a nzimbe ndikuonerera anyamata akudumphira m'nyanja. Malo amodzi okha ndiwo ndinalipira polowa mosanyinyirika, ndiwo tchalitchi chachikulu cha Anglican cha Christ Church, chimene chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873.

Ine ndinakulira pafupi ndi mtengo wa mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, ndipo agogo ankatisimbira za anthu amene ankaolotsedwa nyanja pa zombo osabwereranso. Ndili mwana, nkhaniyo inkathera pagombe la Nkhotakota. Sindinkadzifunsa kumene anthuwo ankakafika. Ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, pagombe la Tanzania, ndipo ambiri mwa opulumuka panjira ankadzagulitsidwa pabwalo limene ndinaimapo tsiku limenelo. Wotiperekeza anatilowetsa m'tizipinda tapansi tamdima, momwe munthu wamtali ngati ine sangaimirire mowongoka, kenako anationetsa malo a guwa lansembe pamene amati panali mtengo wokwapulirapo akapolo, ndi mtanda wopangidwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ndipo ndinazipenyetsetsa nkhope zawo ngati ndingazindikiremo wachibale. Atamva kuti ndine wa ku Nkhotakota, wotiperekezayo anagwedeza mutu nati dzinalo amalitchula kawirikawiri pa ntchito yake, koma sankayembekezera kukumana ndi mwini dera.

Usiku umenewo ndinawerenga mashilingi otsala pabedi, ndipo ndinapeza kuti zopita ku magombe a kumpoto kwa chilumbacho zinali zosatheka. Anangokwanira boti, basi ya ku Kyela, kufupi ndi malire a Malawi, ndi nsalu imodzi ya mayi anga, yomwe nkhani yake ndidzaifotokoza m'gawo lotsatira.