Ndondocha zanga za m'thanki

Pa anthu onse a m'boma la Zomba, ine ndi amene ndinaganiza zobweretsa nyanja yamchere pabalaza. Dziko lathuli nyanja yamchere lilibe ngakhale ya m'supuni. Kuti muione mpaka mudutse malire, mukafike ku Quelimane kapena ku Nacala. Anzathu a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti mbuna za ku Nyanja ya Malawi zikasambire m'nyumba zawo, koma ine wa ku Matawale kuno, woti basi ya m'mawa ingandifikitse ku Mangochi nsima yamasana isanapse, ndinati mbuna ayi. Ndimafuna makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala ya nthambinthambi, ndi tinsomba tija ta mizere yoyera totchedwa clownfish. Olakwa ndi bandulo yausiku ndi YouTube.

Mayi a kunyumba atamva anafunsa funso limodzi lokha: "Zimadyedwa?" Ndinati ayi. Anati, "Chabwino, bambo," ndi mawu aja amene aliyense wokwatira amadziwa kuti si chabwino.

Ndinagula kope n'kuyamba masamu. Thanki yagalasi yowetera nsomba, ya malita 200. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, amchere amaposako pang'ono, ndiye mukaphatikiza miyala, mchenga ndi galasi lenilenilo, mwafika pa matumba asanu a chimanga. Katebulo kathu ka ukwati kakanathyoka miyendo. Ndinapita kwa wowotcherera zitsulo ku Chinamwali, ndipo atamva kulemera kwake anandifunsa ngati ndikutsegula chigayo.

Mchere ndiye unandivuta mtima. Ndinkaganiza kuti ndingotsika ku Mpondabwino n'kugula mapaketi khumi. Zosatheka. Mchere wa ndiwo ndi sodium chloride wothira ayodini basi, pamene madzi a m'nyanja amakhalanso ndi calcium, magnesium ndi zina zimene makorali amamangira mafupa awo. Umafunika mchere wopangidwira zomwezo, magalamu pafupifupi 35 pa lita, kutanthauza makilogalamu 7 pongodzaza koyamba. Chidebe chake chinabwera pabasi kuchokera ku Johannesburg ndi msuweni wanga, amene pondipatsa anandiyang'ana mwachisoni n'kuti, "Asuweni, ndiye kumudzi kuno zinthu zavutadi, mpaka mchere?"

Madzi a pampopi, ngakhale ochokera ku Mulunguzi okoma aja, nawonso sanaloledwe, chifukwa cha chlorine ndi tina tosungunukamo. Ndinagula sefa yotchedwa RO/DI. Chinthu chimenechi chimadontha ngati munthu wolira maliro a mdani wake, ndipo pa lita imodzi yabwino chimataya atatu kapena anayi. Otayikawo mayi a kunyumba ankachapira ndi kuthirira mpiru, ndipo mpaka lero amati phindu lokhalo limene nyanja yanga inabweretsa pakhomo pano ndi mpiru umenewo. Kenako hita, popeza makorali amafuna madigiri 25 kapena 26, ndipo amene anagonapo m'munsi mwa phiri la Zomba mu June akudziwa mmene chiperoni chimalumira. Madzi anali ndi hita, mwini wake ndikugona ndi jekete. Pampu yopanga mafunde, protein skimmer yotulutsa nyansi ndi thovu, refractometer yoyezera mchere kuti ukhale pa 1.025, miyala yoyera yamabowomabowo, mchenga wa aragonite, ndi nyali ya buluu yowala ngati ya pamalo omwera mowa. Zonse zitalumikizidwa, ndinakhala pampando n'kumadziona ngati munthu wofunika.

Tsopano apa mpamene pali nkhani. Thanki yatsopano simuikamo nsomba. Nsomba imatulutsa ammonia, ndipo m'nyanja yaikulu sizidetsa nkhawa, koma m'bokosi lagalasi ndi poizoni. Pamafunika mabakiteriya amene amadya ammonia n'kumusandutsa nitrite. Nitrite naye ndi woipa, choncho pamafunika gulu lachiwiri lomusandutsa nitrate, amene amapiririka ndipo mumamuchepetsa posintha madzi. Mayina awiriwa ndi ofanana ngati mapasa, koma wina ndi chigawenga, wina ndi wongovutitsa chabe. Mabakiteriyawa amamanga midzi yawo m'mabowo a miyala ndi mumchenga, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nthawi yonseyo muziwadyetsa. Azungu a m'mavidiyo amaponyamo kanyama ka m'nyanja kotchedwa shrimp, kakawisi, kuti kawole n'kutulutsa ammonia uja. Shrimp ku Zomba? Ndinagula matemba aawisi a ku Kachulu, n'kumanga awiri m'kansalu ka neti, n'kuwamiza pakati pa miyala.

Pofika tsiku lachinayi pabalaza pathu pankanunkha ngati padoko.

Mbiri inali itamveka kale kuti kwa aphunzitsi kwabwera nsomba zachizungu, ndiye ana a m'mudzi ankabwera m'magulu. Ankakanikiza mphuno pagalasi, kuyang'ana kumanja, kumanzere, pansi pa mwala. "Ankolo, nsomba zili kuti?" Ine, ndi mtima wauphunzitsi, ndinkafotokoza mwachifatse kuti nsomba sizinabwere, panopa ndikuweta kaye tizinthu tosaoneka ndi maso, timakhala m'miyalamu, ndimatidyetsa nsomba yowola, ndipo tikachuluka zinthu zanga zonse ziyenda bwino.

Bwerezani mawu amenewo pang'onopang'ono, muwamve mmene anawamvera makolo a anawo madzulo ake.

Ine sindinadziwe kanthu. Ndinangoona kuti mayi wogulitsa mandasi pakona wayamba kundiikira chenji pathebulo m'malo mondipatsa m'manja. Kenako kunabwera usiku wa Lachitatu, magetsi n'kuzima cha m'ma 1 koloko. Pampu zonse zii. Mabakiteriya amenewa amafuna mpweya, ndipo madzi akangoima nthawi yaitali amayamba kufa. Ndinadzuka, ndinayatsa kandulo, ndinafufuza chovundulira, ndipo chimene ndinapeza ndi mthiko wa nsima. Ndiye taganizani: bambo wa ndevu zake, wangomanga chitenje cha mkazi wake m'chiuno ndi jekete pamwamba, pakati pa usiku, kandulo pambali, akuvundula madzi a nsomba yowola ndi mthiko, uku akunong'ona kuti, "Musafe ayi, musafe ayi, pirirani." Katani inali yosatseka bwino. Aneba anali akupita kuchimbudzi.

Loweruka m'mawa kunabwera eninyumba. Anakhala pamphepete pa mpando, chipewa pabondo, ndipo tinapatsana moni wautali, wa ana, wa kuntchito, wa mvula ya chaka chatha. Kenako anatsokomola.

"Aphunzitsi, ine za eni sindilowerera. Aliyense amafuna kulemera. Koma nyumba ino ndinamanga ndi ndalama za penshoni, zoyera. Ngati muli ndi zinthu zanu, kazisungireni kumudzi."

"Zinthu zanji, bambo?"

"Anthu akuti ndondocha."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinaona kuti kuseka kwangako sikukuthandiza. Ndiye ndinaganiza zowatsimikizira ndi sayansi. Ndinatenga timabotolo tanga toyezera, ndinatunga madzi a m'thanki m'timachubu titatu. M'koyamba ndinadonthezamo mankhwala, madzi n'kusanduka obiriwira. M'kachiwiri, madzi oyera mbee aja n'kusanduka apepo. Ndinagwedeza kachitatu kwa mphindi yathunthu monga amanenera malangizo, ndikuwerenga chamumtima milomo ikugwedera, ndipo patapita kanthawi kanayamba kufiira.

"Mwaona, bambo?" ndinatero monyadira. "Umenewu ndi umboni woti alimo ndipo akudya."

Madala aja anavala chipewa ali m'nyumba, n'kutuluka osatsanzika.

Ndinapirira. Ndinapiriranso nditalakwitsa ndekha: madzi atatsika chifukwa chouluka ndinawonjezera amchere, kuiwala kuti amauluka ndi madzi okha, mchere umatsala, ndipo refractometer inandilalatira ndi 1.029. Ndinakonza. Pa sabata lachisanu, Lachiwiri madzulo, kachubu ka ammonia kanakhala kachikasu, ka nitrite kabuluu, zonse pa 0. Nitrate yekha ndi amene ankaoneka. Midzi ya ana anga inali itadzaza. Ndinavina pabalaza. N'zoona kuti thanki inali itanyansa, chifukwa nthawi imeneyi kumabwera ndere zabulauni zotchedwa diatoms, zimene zimakuta galasi, miyala ndi mchenga ngati dzimbiri. Odziwa amati muzisiye, zimatha zokha. Kwa ine dzimbiri limenelo linali satifiketi.

Lachinayi kunabwera apongozi kuchokera ku Jali kudzaona mdzukulu. Ndi mayi waukhondo woopsa, woti poto wawo mumadziwonerapo nkhope. Atalowa anayang'ana thanki, anayang'ana mwana wawo, osanena kanthu. Ine ndinaganiza kuti agoma.

Lachisanu ndinapita kuntchito. Mayi a kunyumba anapita kumsika ndi kukaona wodwala. Pobwerera madzulo, ndisanafike n'komwe pachipata, ndinaona zinthu zoyera zitandandalikidwa pathandala la mbale. Ndinati mwina ndi chinangwa. Nditayandikira miyendo inalefuka. Miyala yanga. Yonse. Yoyera ngati mano a mwana, ikuwotha dzuwa, ikununkhira sopo. Pambali pake pamphasa, mchenga wanga wa aragonite utayanikidwa bwinobwino ngati mphale, nkhuku ya aneba ikupalasa kumapeto.

Ndinalowa m'nyumba. Thanki inali kung'anima. Galasi lopukutidwa, madzi odzaza mpaka pakamwa, a pampopi, kathovu ka sopo kakuyandama pakona. Madzi anga a masiku atatu akusefa, okhala ndi makilogalamu 7 a mchere wa ku Johannesburg, anali atathiridwa pabwalo kuti fumbi ligone.

Apongozi anali pamkeka, akusenda mtedza.

"Mwabwerako, bambo? Musathokoze ayi. Ndaona kuti nonse ndinu otanganidwa. Chinthu chodula chonchi kuchisiya chichite ndere! Mwapezekanso nsomba zowola, ndataya. Miyala ija inavuta, koma ndi waya wotsukira mapoto yatheka."

Pakamwa panga panatseguka, mawu osatuluka.

"Mwana wandiuza kuti madzi ake amakhala amchere, ndiye ndathiramo wa kukhitchini, manja awiri. Ndalawa, uli bwino. Koma wanu wa m'chidebe uja, bambo, anakuberani. Ndathira m'nkhwani, ukuwawa ngati mankhwala a malungo."

Amene munakwatira mukudziwa kuti mkamwini sakweza mawu pamaso pa apongozi. Ngakhale atakuwotcherani nyumba, mumayamba mwafunsa ngati sanapse. Ndinagwada pang'ono, ndinaomba m'manja, ndinati, "Zikomo kwambiri amayi, mwagwira ntchito." Mawu anga anatuluka ngati a mbuzi yomangidwa pa njinga. Kukhitchini ndinamva mayi a kunyumba, amene anali atangofika, akulimbana ndi chifuwa chachilendo, chija chimagwedeza mapewa.

Nkhwani ija tinadya. Inalidi yowawa, chifukwa cha magnesium, ndipo ndinapempha yowonjezera kuti apongozi asakhumudwe. Za usiku umenewo sindinena zambiri, kungoti ine ndi aneba aja tinakumana panjira ya kuchimbudzi kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anandipatsa moni.

M'mawa mwake eninyumba anandiimitsa pamsewu, nkhope ili mwee. "Aphunzitsi, ndamva kuti apongozi anu azitulutsa zinthu zija, aziyanika padzuwa. Amayi opemphera amenewo, muwasunge." Mayi wa mandasi anandipatsa chenji m'manja, n'kuwonjezera limodzi la basela.

Sopo akalowa m'mabowo a mwala satuluka msanga, ndiye miyala ija inakhala m'mabeseni masabata angapo, ndikusintha madzi ngati ndikuviika chinangwa chowawa. Mchenga ndinautaya. Mchere wotsala m'chidebe sunakwane kudzazanso, ndipo msuweni wanga nditamuimbira anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Apongozi anadzamva zoona zake patapita masiku, mwana wawo atawafotokozera pafoni kuti m'miyala muja munali zamoyo zimene ndinalera masabata asanu. Akuti anadandaula kwambiri. Anafunsa kuti zinali zingati, ndipo atauzidwa kuti mamiliyoni anati, "Mayo ine, ndiye maliro ake tilira bwanji?"

Thanki ndinadzazanso mwezi watha. Lero ndi tsiku la 19, kachubu ka nitrite kakadali kapepo, katani ndimatseka ndi mapini, ndipo ana akafunsa ndimangoti nsomba zili m'njira. Dzulo masana kunafika wakabaza wochokera ku Jali ndi kajumbo kakuda. M'kati munali matemba aawisi odzaza mbale, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: "Awiri ndi a adzukulu anga osaonekawo. Otsalawo mukazinge, koma ndi mchere wa anthu."