Kachikumbu ka Masamba a Tirigu ndi Mphutsi Yake Yodzimata Ndowe

Pa tizilombo tonse toononga tirigu, kamene kamandichititsa chidwi kwambiri ndi Oulema melanopus, kachikumbu ka ku Ulaya ndi Asia kamene kanapezeka koyamba ku America mu 1962, m'boma la Michigan. Kutalika kwake ndi mamilimita 5 basi. Mapiko ake ndi obiriwira modera ndi onyezimira, pamene chifuwa ndi miyendo n'zofiirira.

Kachikumbuka kamabisala m'zinyalala ndi m'makungwa a mitengo nyengo yonse yachisanu, ndipo kukayamba kufunda kamalowa m'munda n'kuikira mazira achikasu pamwamba pa masamba, limodzilimodzi kapena angapo mondondozana.

Chimene chimasautsa mlimi kwenikweni ndi mphutsi. Thupi lake ndi lachikasu, koma imadzimata ndowe zake pamsana kuti isaume ndi dzuwa komanso kuti adani aipewe, moti munthu woyenda m'munda amatuluka buluku lili mathothomatho akuda. Imapala tsamba motsata mitsempha n'kusiya kakhungu kopyapyala, ndipo munda wogwidwa kwambiri umaoneka wotuwa ngati wawauka ndi chisanu. Ikadya tsamba lomaliza la pafupi ndi ngala, lomwe limadyetsa njere, zokolola zimatsika.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu, mphutsiyo imalowa m'dothi n'kusanduka chikumbu, ndipo mbadwo umakhala umodzi pachaka. Ine ndimaona kuti a ku America anachita mwanzeru kutenga kamavu ka Tetrastichus julis ku Ulaya, kamene kamaikira mazira m'thupi la mphutsiyo, m'malo modalira mankhwala okha.