Zikomo Agogo a Burashi

Ife makolo a ku Chitakale kuno ku Mulanje tikuthokoza agogo athu aja amene anaphunzitsa fizikisi ku yunivesite zaka zambirimbiri, kenaka n'kusiya choko n'kutola burashi. Poyamba tinkawaseka, tisaname. Munthu wophunzira chonchi n'kumakhalira kupaka utoto pansalu? Koma zithunzi zawo za Sapitwa ndi minda ya tiyi zitagulidwa, ndalamazo zinalipirira ana athu fizi, namondwe wa Freddy atatisiya manja ali m'khosi mu 2023.

Loweruka amakhala ndi anawo pansi pa mtengo, n'kumawafotokozera kuti kung'anima kumaoneka bingu lisanamveke chifukwa phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. Mwana wanga tsopano amawerenga masekondi mvula ikamagunda, mpaka kuiwala kuanula zovala!

Agogo, Mulungu akusungeni. Nkhuku yanu tibwera nayo Lamulungu.