Sabata ya "kapu yasweka" mu Fomu 3

Sabata ino tinali pa msintho wa aneni. Mutuwu ana amauloweza bwino kwambiri, koma ukawafunsa kuti swa, swedwa ndi sweka zikusiyana pati, amangoti, "Aphunzitsi, zonse n'chimodzimodzi."

Lolemba ndinalemba pabolodi: "Ndaswa kapu", "Kapu yaswedwa", "Kapu yasweka". Kenaka ndinafunsa kuti amayi akangotulukira kuchokera kumsika, inu mumanena chiti? Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anati chachitatucho, chifukwa chilibe mwini mlandu. Chachiwiricho, akuti, amayi afunsabe kuti yaswedwa ndi ndani.

Lachitatu ndiye panali ntchito. Poti tchuthi cha pa 15 Januwale chinali pafupi, ndinatenga nkhani ya John Chilembwe. Ndinangowapatsa mfundo zokha: pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero. Boma linagumula tchalitchi cha Chilembwe cha Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Chilembwe anamuwombera pa 3 Febuluwale chakumalire ndi Mozambique. Gulu lina ndinati lilembe ngati kalaliki wa boma la atsamunda, lina ngati mkhristu wa pa Mbombwe pomwepo.

Akalaliki aja analemba kuti "zigawenga zinapha mzungu" ndipo "tchalitchi chinagumuka". Chinagumuka chokha, ngati ndi mvula! A ku Mbombwe nawo anati "boma linagumula nyumba ya Mulungu", koma pofika ku Magomero anangoti "Livingstone anafa". Palibe gulu lomwe linanama, koma lililonse linabisa dzanja la mbali yake. Mkangano wake unapitirira belu litalira kale, mpaka aphunzitsi a masamu anaima pakhomo atagwira choko.

Lachinayi linathera pa kuchonga makope. Ambiri tsopano akumudziwa wochita amene wabisika, ngakhale dzina la msinthowo akulisokonezabe. Pamenepo m'pondivuta, pakuti pa mayeso a MANEB dzinalo lili ndi malikisi ake. Komabe ine ndimaona kuti mwana womva nkhani pawailesi n'kufunsa kuti "wachita ndani?" wapindula kuposa wongoloweza.

Lachisanu tinabwereza mayinawo. Ntchito yokachitira kunyumba: aliyense amvetsere nkhani za madzulo, abwere ndi ziganizo zitatu zomwe wochita sakutchulidwa.