Dziwe la achimwene litasanduka chithaphwi

Achimwene atapita ku Johannesburg anandisiyira nyumba yawo ku Namiwawa, pamodzi ndi dziwe losambiramo la malita 50,000. Mvula ya Disembala itagwa masabata awiri, madzi anangoti biriwiri, ndere khoma lonse, pansi osaonekanso.

Ndinayamba ndi kuwaza HTH, klorini waufa wophera ndere ndi tizilombo m'madzi, mwachisawawa masana dzuwa likuswa mtengo. Sindinaphule kanthu. Bambo osamala pabwalo ndiwo anandiwongolera: "Achimwene, yezani kaye madziwo. Ndipo klorini sathira masana, dzuwa limamudya."

Ndinagula kachida koyezera ka timadontho. pH, muyeso wa asidi m'madzi, inali pa 8, pomwe imafunika kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6; ikakwera chotero klorini amafooka, ungothira ndalama m'madzi. Ndinayatsa pampu, n'kuthira asidi wotsitsa pH pang'onopang'ono mbali yakuya, n'kudikira tsiku lathunthu. Asidi ndi klorini sizikumana m'ndowa imodzi, mpweya wake ndi woopsa. Komanso mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, osati madzi pa mankhwala.

Madzulo otsatira ndinasungunula HTH wokwana magalamu 750 n'kuzungulira naye dziwe lonse. Pampu inagwira usiku wonse (mwamwayi magetsi sanazime). M'mawa madzi anali mbuu ngati otsukira mpunga. Ndinakwecha makoma ndi burashi, n'kutembenuza valavu kuti mchenga wa m'sefa utsukidwe, zomwe amati backwash. Tsiku lachinayi matailosi apansi anaoneka.

Panopa klorini ndimamusunga pakati pa 1 ndi 3 ppm (muyeso wa kuchuluka kwake m'madzi). Padziwe la msinkhu uwu, magalamu pafupifupi 80 a HTH amakweza 1 ppm. Mapiritsi a klorini oyandama m'kabotolo ndi osavuta, koma ali ndi stabiliser (mankhwala oteteza klorini ku dzuwa) amene amaunjikana m'madzi mpaka uchotse madzi ena n'kuthira atsopano, ndiye mita ya Water Board imathamanga.

Chimene chinandidzidzimutsa si mtengo wa mankhwala ayi, koma mayunitsi a magetsi. Pampu ya 0.75 kW ikagwira maola 8 imadya mayunitsi 6 patsiku, 180 pamwezi, usanaphike ngakhale phala. Nthawi ya chiperoni ndimachepetsa maolawo, poti madzi akazizira ndere sizikula msanga ndipo wosambira palibe. Makina opanga klorini kuchokera ku mchere ndinawasirira, koma nawo amadalira magetsi. Amenewo akagule okha achimwene akabwera.