Kamera ikawonongeka waranti isanathe

Makampani opanga makamera, monga Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm, kawirikawiri amapereka waranti ya chaka chimodzi kuyambira tsiku logula. Lonjezo lakelo nlochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Amakonza mwaulere vuto lochokera kufakitale basi, kaya chipangizo china chinali chofooka, kaya anachimanga molakwika. Zina zonse zimene kamera imakumana nazo ili m'manja mwa mwini wake nzolipira. Choncho okonza akailandira amayang'ana zinthu ziwiri: ngati kamerayo ili ndi waranti m'dziko limene yafikalo, komanso ngati vutolo linabadwa nayo. Umboni wa zonsezi umasonkhanitsidwa tsiku logula, kamera idakali m'bokosi.

Waranti ili ndi malire a mayiko, ndipo apa mpamene ojambula ambiri akwathu amagwira njakata. Makamera athu ambiri amachokera ku Johannesburg, ku Dubai, kapena amatumizidwa ndi m'bale wa ku UK kapena ku America. Kampani imodzi yomweyo ili ndi nthambi zosiyana, ndipo nthambi iliyonse imalipirira katundu amene inalowetsa yokha m'dera lake. Kamera yogulidwa ku New York kawirikawiri waranti yake imagwira ntchito ku America, ndipo okonza a ku South Africa akhoza kuilandira koma nkukulipiritsani. Palinso makamera otchipa modabwitsa amene amalonda amawatcha grey import. Ndi enieni ndithu, si abodza, koma analowa m'dziko osadzera kwa amene kampani inawapatsa chilolezo. Otere amakhala ndi waranti ya sitolo yokha, ndipo sitoloyo ikatseka, warantinso yatha. Musanapereke ndalama funsani mosapita m'mbali: "Ikawonongeka ndiipititsa kuti, ndipo amalipira ndani?" Wogulitsa akayamba kuzungulira, dziwani kuti mtengo watsika chifukwa waranti ya kampani palibe.

Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa kamera ndi serial number yake. Nambalayi imalembedwa pansi pa kamera, pabokosi ndi pakhadi la waranti, ndipo malo atatuwa ayenera kufanana. Lenzi ili ndi nambala yakeyake, nayonso ilembedwe. Malisiti ambiri a masiku ano amasindikizidwa pa pepala limene limafufutika ndi kutentha, moti pakatha miyezi ingapo mu dilowa lotentha mumapeza pepala loyera. Lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, mudzitumizire pa imelo. Jambulaninso pansi pa kamera, chifukwa kapepala ka nambala kamakhulika ndi thukuta ndi thiraipodi, ndipo makampani ambiri salandira pa waranti katundu amene nambala yake siikuwerengeka. Ngati mwagula kwa munthu, dziwani kuti waranti zambiri zimakhala za wogula woyamba yekha.

Sabata yoyamba ndi yoyesa kamera mwakhama. Jambulani khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo pa f/16 kapena f/22 (bowo la lenzi lolowetsa kuwala litachepetsedwa kwambiri), ISO (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) yotsika, ndipo muonere chithunzicho pa kompyuta mutachikulitsa. Fumbi limaoneka ngati timadontho todera. Madontho a mafuta amakhala ozungulira bwino, nthawi zina ndi kamzere m'mphepete, ndipo amakonda kuwunjikana pakona imodzi. Kenako vindikirani lenzi, mujambule kwa masekondi angapo mumdima. Kadontho kofiira, kobiriwira kapena koyera kamene kali pamalo amodzi m'chithunzi chilichonse ndi pixel yowonongeka, kutanthauza kamodzi ka timadontho timene timapanga chithunzi. Makamera ambiri ali ndi njira yobisira timadontho totere mu menyu, koma mzere wathunthu wodutsa chithunzi chonse ndi vuto la sensa, kachipangizo kamkati kamene kamalandira kuwala nkupanga chithunzi, ndipo kamerayo ibwezedwe msanga. Yesani batani lililonse, malo onse olowetsa makhadi osungira zithunzi, mabowo a USB, HDMI ndi maikolofoni, ndi vidiyo ya mphindi khumi kapena kuposerapo. Kubweza kusitolo m'masiku oyambirira nkosavuta kuposa kutumiza kokakonzetsa.

Malamulo a dziko limene munagulako amathandizanso, ndipo ndi osiyana ndi waranti ya kampani. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wolakwika, ndipo wogulayo ndi amene amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Ku UK, Consumer Rights Act ya 2015 imalola kukana katundu wolakwika m'masiku 30 oyambirira. Malamulowa amamanga wogulitsa, choncho dandaulo lake limapita kusitolo. Kuno ku Malawi, madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission.

Tsopano zimene zimapha waranti. Choyamba ndi kugwa. Okonza amayang'ana ngodya zopindika, ming'alu pafupi ndi pomangira lamba, ndi chitsulo chomangirapo lenzi ngati chapendekeka. Kamera ikhoza kugwa lero nkuyamba kuvuta pakatha mwezi, koma chipsera chimakhalapo ndipo amachiona. Chachiwiri ndi madzi. Mawu akuti weather sealed, onena za kamera yotetezedwa ku fumbi ndi chinyezi, satanthauza kuti kamera singalowe madzi, ndipo waranti siteteza ku mvula ngakhale pa makamera odula. Akatsegula amapeza dzimbiri lobiriwira kapena loyera pa bolodi, nkhani nkuthera pomwepo. Mchenga wa kunyanja ndi fumbi la mu Okutobala zimalowa m'magiya a timakamera ting'onoting'ono timene lenzi yake imatuluka ndi kubwerera, kenako uthenga wa "Lens error" umabwera. Amenewanso amati ndi vuto la mwini.

Chuku ndiye mdani wachete wa m'nyengo ya dzinja, makamaka m'madera achinyezi ngati Nkhata Bay, Mulanje ndi m'mbali mwa nyanja monse. Chimamera mkati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi moti ngakhale atatsuka chipsera chimatsala. Palibe waranti imene imalipira zimenezi. Musasunge kamera m'chikwama chake kwa masabata, makamaka chikanyowa. Ikani m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Kachipangizo koyezera chinyezi nkotsika mtengo, ndipo silica akakhuta madzi amaumitsidwa nkugwiranso ntchito.

Mabatire ndi matchaja osakhala a kampaniyo saletsedwa kugwiritsa ntchito, koma akawononga kanthu, monga batire kufufuma nkukanirira mkati, mulipira nokha. Chimodzimodzi tchaja yopsa magetsi atabwera mwamphamvu. Ndipo musalole aliyense wopanda chilolezo cha kampani kumasula kamera idakali pa waranti, ngakhale akhale katswiri wa mafoni wodziwika mtauni monse. Mitu ya timasikuluwu imaonetsa kuti inakhudzidwa.

Si vuto lililonse lofunika kutumiza kamera kutali. Pa Canon, Err 01 imatanthauza kuti kamera ndi lenzi sizikumvana, ndipo nthawi zambiri kupukuta timadontho tagolide ta kumbuyo kwa lenzi ndi kansalu kouma, koyera, kumathetsa vutolo. Err 02 ndi ya khadi losungira zithunzi. Err 20 ndi Err 30 ndi zimene zimaloza ku zoyenda za mkati ndi shata, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula, ndipo zikamabwerezabwereza mpofunika okonza. Pa Nikon, fEE imangotanthauza kuti mphete ya aperture pa lenzi, yosinthira kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, siinatsekedwe pa nambala yaikulu. Musanadandaule, yesani batire lina, khadi lina ndi lenzi ina, chimodzichimodzi, mubwezeretse menyu momwe inachokera kufakitale, ndipo muone ngati pali firmware yatsopano, kutanthauza pulogalamu yoyendetsa kamera. Poika firmware batire likhale lodzaza, chifukwa kamera ikazima ntchito ili mkati ikhoza osayakanso.

Za shata pali kusamvetsetsana. Makampani amatchula kuti shata inayesedwa kufika pa zithunzi 100,000 pa makamera ang'onoang'ono, ndi 300,000 kapena kuposa pa akuluakulu. Nambalayi si waranti. Shata ikafa chaka chitadutsa, ngakhale itajambula zithunzi zochepa, kawirikawiri mumalipira. Koma fufuzani kaye ngati kampani inalengeza vuto pa mtundu wa kamera yanu. Nikon D600, imene inatuluka mu 2012, inkadetsa sensa ndi timadontho, ndipo mu 2014 kampaniyo inalengeza kuti iziyeretsa ndi kusintha shata mwaulere ngakhale waranti itatha. Zilengezo zotere zimakhala pa tsamba la kampani, ndipo zina zimafuna kuti mulowetse serial number kuti muone ngati yanu ikukhudzidwa.

Zikafika potumiza, lemberani kaye okonza ovomerezeka akupatseni nambala ya ntchito, ndipo tsiku la kalata yanuyo likhale mkati mwa waranti. Fotokozani vuto mwachindunji. "Siikugwira bwino" sizithandiza munthu amene ali ndi makamera ambirimbiri pa tebulo. Lembani uthenga umene ukutuluka, lenzi imene munaikapo, pamene vuto limayambira, ndi kangati. Vuto lobwera mwa apo ndi apo lijambuleni pa vidiyo ndi foni, apo ayi kamera ibwerera ndi mawu akuti sanapeze cholakwika. Ikanimo zithunzi zosonyeza vutolo, makamaka za RAW, mtundu wa fayilo yosunga chithunzi momwe sensa inachilandirira, zosasinthidwa, poti zimasunga zonse za mmene chithunzi chinajambulidwira.

Jambulani kamera mbali zonse zisanu ndi imodzi musanaikulunge, kuti chipsera chobwera panjira chisadzakhale chanu. Chotsani khadi, lamba, fyuluta ndi batire, pokhapokha atakuuzani kuti muphatikize. Mabatire a lithium ali ndi malamulo ake pa ndege ndipo akhoza kuchedwetsa katundu. Tsekani kamera ndi chivindikiro chake, ikulungeni ndi zofewa zokhuthala masentimita osachepera asanu mbali zonse, ndipo ikhale yosagwedera m'katoni yolimba. Tumizani kope la lisiti, lenileni litsale. Ndalama yotumizira nthawi zambiri imakhala yanu, ndipo inshuwalansi ya paulendo musaisiye. Ngati kamera ikutuluka m'dziko, funsani a MRA, bungwe lotolera misonkho ku Malawi, momwe mungailembetsere ngati katundu wopita kokakonzedwa, ndi serial number yake, kuti pobwera isaoneke ngati yatsopano yofunika msonkho wonse.

Akakana waranti nkukutumizirani mtengo, pemphani lipoti lolembedwa ndi zithunzi za chimene apeza. Funsaninso ngati pali ndalama yoyezera imene mulipire mukakana kukonzetsa. Kamera ikabwerera, onani serial number, bwerezani mayeso a sabata yoyamba aja tsiku lomwelo, ndipo sungani pepala la ntchito. Ntchito yokonzayo imakhala ndi waranti yakeyake ya miyezi ingapo pa chimene anakonzacho, ndipo ku South Africa lamulo limati isachepere miyezi itatu. Vuto lomwelo likabweranso m'nthawi imeneyi, tchulani nambala ya ntchito yoyambayo m'kalata yanu, ndipo ngati ndi kachitatu pemphani kuti akusinthireni kamera.