Backup ya kushopu inaima masiku awiri, yankho lili m'fayilo imene sindinkatsegula

Pakati pa sabata ndimagwira ntchito pa shopu ya atsibweni anga pa boma la Kasungu. Timataipa makalata, kupulinta, kujambula zithunzi za ziphaso, komanso kukonza mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati. Loweruka m'mawa ndimakaphunzira za makompyuta. Ndili ndi kope limene ndimalembamo zimene zandisokoneza sabata imeneyo, ndipo nkhani iyi inadya masamba asanu ndi limodzi.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta siinaleke kuyaka tsiku limenelo ayi, kungoti zigamba zotseka mipata ya mavairasi zinasiya kubwera zaulere monga kale. Kwa ife zimenezi n'zoopsa chifukwa tsiku lililonse timalowetsa mafulashi a anthu osiyanasiyana, ena ochokera ku Chamama, ena ku Santhe, ndipo sitidziwa kumene adutsa. Kompyuta yathu ndi yakaunjika koma ili ndi TPM 2.0 imene Windows 11 imafuna, choncho Lamulungu lina shopu ili yotseka ndinaikweza. Zonse zinayenda bwino, ndinapita kunyumba ndikudzitama.

Backup yathu, ndiko kuti kukopera mafayilo a shopu pamalo ena kuti asatayike, ndi yachikale. Mnyamata amene ankagwira pano ine ndisanabwere anasiya kafayilo pa desktop. Ukalumikiza hard drive yakunja n'kudina kafayiloko, pamatseguka windo yakuda, ndipo pulogalamu ya robocopy, imene imabwera kale ndi Windows, imakopera foda yonse ya shopu kupita ku hard drive ija. Imangotenga mafayilo atsopano ndi amene asintha, ndiye masiku ambiri imatha ndisanamalize kusesa. Windo ikatseka yokha, ndimazula chingwe n'kukhoma chitseko. Kwa chaka chathunthu sindinatsegulepo kafayiloko kuti ndione zimene zinalembedwamo.

Lolemba madzulo windo ija siinatseke. Ndinasesa, ndinawerenga ndalama, atsibweni anapita, iyo ili chikhalire. Nditatsegula Task Manager, imene imaonetsa ntchito zimene kompyuta ikugwira, ndinapeza Disk ili pa 100%. Amene ankapanikiza disiki sanali robocopy yekha. Windows ikangokwezedwa imakhala ndi ntchito zambiri za kuseri: Windows Search imayendera mafayilo kupanga mndandanda wofufuzira, chitetezo cha Defender chimanunkhiza uku ndi uku, ma update otsalira nawonso akulowa. Disiki yathu ndi yambale yozungulira ija, osati SSD, ndiye mutu wake wowerenga umangothamangira uku ndi uko ngati wogulitsa mmodzi pa tsiku la msika. Kuwonjezera apo, ndinali nditalowetsa chingwe pa USB yakutsogolo, yakuda mkati, imene ndi 2.0. Imeneyo pa ntchito yeniyeni imayenda pafupifupi 30 MB pa sekondi, pamene yabuluu yakumbuyo, ya 3.0, imatha kupitirira katatu kuposa apo ndi hard drive yomweyo. Vidiyo ya ukwati wa Loweruka inali 36 GB. Pa USB yakuda imeneyo ndi mphindi 20 disiki ikakhala ilibe ntchito ina, ndipo tsiku limenelo inali ndi ntchito zina zambirimbiri. Ndinadikira, inatha cha m'ma 8 koloko usiku. M'kope ndinalemba kuti ukakweza Windows, backup yoyamba imachedwa, usaisokoneze. Ndinawonjezeranso mwambi pansi pake, kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziona ngati katswiri.

Phunziro limenelo ndi loona, koma ndi lomwelo linandisocheretsa.

Lachitatu m'mawa atsibweni ndi amene anayatsa kompyuta. Panabwera sikirini yowapempha kuti amalize kukonza Windows yatsopano, iwo n'kumangodina kupitirira, mpaka analowetsa akaunti yawo yakale ya Microsoft. Sanandiuze chifukwa kwa iwo panalibe chimene chinachitika. Lachinayi masana bandulo ya sabata yonse inali itatha. Nditafufuza ndinaona kamtambo pakona ya sikirini, OneDrive, kapulogalamu ka Microsoft kosungira mafayilo pa intaneti, kakukweza zinthu. Sindinafunse kuti kakukweza chiyani. Ndinakatseka, ndinakaletsanso kuti kasamayake kompyuta ikamayaka, n'kugula bandulo ina.

Madzulo ake windo yakuda siinatsekenso. Ine mtima m'malo, ndikuti ndi zomwe zija za Lolemba. Ndinaisiya ikuyaka usiku wonse. Lachisanu m'mawa ndinaipeza momwemo, kamzere kakuphethira. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndinadinanso kafayilo, chimodzimodzi. Ndinasamutsira chingwe pa USB yabuluu. Ndinakagula chingwe china kumsika. Ndinalowa mu Power Options n'kuzimitsa USB selective suspend, imene imagoneka zipangizo za USB pofuna kusunga magetsi. Ndinayendetsa chkdsk, yoyeza ngati disiki ili ndi vuto, pa hard drive yakunja, inati zonse zili bwino. Ndinafika pokayikira foda ya Windows.old, imene Windows imasunga kwa masiku 10 kuti munthu athe kubwerera ku yakale, ndikuganiza kuti mwina yadzaza disiki, koma malo analipo ambiri. Atsibweni anandiyang'ana ndikugwada kuseri kwa tebulo nati, "Mphwanga, paja unati Windows yatsopanoyi ndi yabwino?" Ndinangoti, "Atsibweni, ikukhazikika kaye." Mawu amenewo ndinawanena ndi nkhope yolimba, koma m'mimba munali mutayamba kutentha.

Loweruka ndinafotokozera aphunzitsi athu nkhani yonse, kuyambira chingwe mpaka chkdsk. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa funso limodzi: "Yaima pa fayilo iti?" Ndinalibe yankho. Anafunsanso ngati ikuyenda pang'onopang'ono kapena yaimiratu, ine n'kuti ndi chimodzimodzi, yonse sikutha. Anaseka. Anati minibasi imene ikukwera mtunda ndi giya yoyamba ndi ina imene yaima pa siteji kudikira munthu amene sabwera, zonse zimakuchedwetsa, koma yoyambayo umakhala chete, yachiwiriyo umatsika n'kukafunsa. Anationetsa m'kalasi momwemo mmene ungasiyanitsire. Mu Task Manager muli polowera ku Resource Monitor, ndipo pa tsamba la Disk pamaoneka fayilo iliyonse imene ikuwerengedwa kapena kulembedwa, ndi liwiro lake. Manambala akamasintha ndipo mayina a mafayilo akamasinthana, ntchito ikuyenda, kaphike tiyi. Pakakhala palibe chikulembedwa ku hard drive yakunja kwa mphindi zingapo, kudikira sikuthandiza. Njira ina yosafuna luso ndi kuona malo otsala pa hard drive, kulemba nambala papepala, n'kuonanso pakatha mphindi khumi.

Kuchokera kukalasi ndinapita molunjika kushopu, osadya. Ndinadina kafayilo, ndinatsegula Resource Monitor: Disk ili phee, robocopy sakulemba kanthu. Masiku awiri onsewo disiki inali ikupuma, ndipo ndikanaona zimenezi Lachinayi lomwelo ndikanangotsegula Task Manager monga ndinachitira Lolemba. Kenako ndinatsegula kafayilo kaja ndi Notepad. Munali mzere umodzi wokha. Kumapeto kwake kunalembedwa /LOG+ ndi dzina la fayilo ina, yotchedwa log, kutanthauza kuti zonse zimene robocopy amanena zimapita m'fayilo imeneyo, osati pa sikirini. N'chifukwa chake windo inkangokhala yakuda. Fayiloyo inali pa hard drive yomwe ndinkaizula ndi kuilumikiza ija.

Nditaitsegula, kumunsi kwake kunali mizere iwiri yobwerezabwereza. Wina unali ERROR 362, wonena kuti "The cloud file provider is not running", winawo "Waiting 30 seconds... Retrying...". Fayilo yake inali chithunzi cha m'foda yotchedwa Chinkhoswe, mkati mwa foda ya OneDrive. Foda imeneyo sindinaionepo pa kompyuta yathu. Zinali zithunzi zakale za atsibweni zimene zinali kale mu akaunti yawo. Atalowetsa akaunti ija, mayina a zithunzizo anaonekera pa kompyuta, koma zithunzi zenizenizo zinatsala pa intaneti. OneDrive imachita zimenezo posunga malo: fayilo yokhala ndi kamtambo kabuluu pambali pake ndi dzina chabe, imatsika pokhapokha wina akaifuna, pamene yokhala ndi chizindikiro chobiriwira ndiye ilipodi pa disiki. Robocopy anapempha chithunzi choyamba, ndipo woti akachitenge pa intaneti ndi OneDrive, amene ine ndinamutseka Lachinayi masana ndi manja angawa.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi chiwerengero. Robocopy ukapanda kumuuza zochita akalephera kukopera fayilo, amayesanso ka 1,000,000, ndipo pakati pa kuyesa kulikonse amadikira masekondi 30. Ndinatenga kakyuleta ya pa foni: masekondi 30,000,000, amene ndi masiku 347. Pa chithunzi chimodzi. M'fodamo munali zithunzi zambirimbiri. Ndikanapitiriza kudekha kuja, fodya akanabzalidwa, kukololedwa, kugulitsidwa ku Chinkhoma, windo yakuda ili pa chithunzi choyamba.

Ndinali nditayamba kuseka ndekha, koma nditakweza maso pamwamba pa log ya Lachinayi, imene mwamwayi mnyamata uja anaikonza kuti izingowonjezera pansi, kuseka kunatha. Panali mizere yambirimbiri yoyamba ndi mawu akuti *EXTRA File. Mu mzere wa lamulo uja munali /MIR. Ameneyu amapangitsa hard drive yakunja kukhala ngati kalilole: chimene chili pa kompyuta chikhalenso uko, chimene palibe pa kompyuta chifufutidwe uko. Tsono pamene atsibweni ankadina kupitirira Lachitatu, anavomeranso kuti OneDrive isamalire Desktop ndi Documents, ndipo ikatero imasamutsa zonse za m'mafoda amenewo kupita mkati mwa foda yake. Pa sikirini suona kusiyana kulikonse, Documents imatseguka bwinobwino. Koma robocopy anafika pa Documents yakale, anaipeza yopanda kanthu, n'kufufuta makope onse a ku hard drive monga anauzidwira. Atafika pa foda ya OneDrive, kumene mafayilowo anasamukira, anayamba ndi Chinkhoswe chifukwa C amabwera D asanafike, n'kuima pomwepo.

Tanthauzo lake n'lakuti makalata onse a makasitomala, mindandanda ya makalabu a alimi imene timataipa chaka ndi chaka, ma CV a anthu ofuna ntchito, zonsezo zinalibenso kope pa hard drive. Zinali pa disiki imodzi yakaunjika, ndi gawo chabe limene linakwera pa intaneti bandulo isanathe. Ndipo disiki imeneyo ndi yomwe ndinkaizimitsa mwaukali Lachisanu, tsiku limene magetsi anathimanso kawiri. Izi sindinawauze atsibweni tsiku lomwelo. Ndinawauza Lolemba, zinthu zitakhala kale m'malo.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa, moti n'zochititsa manyazi. Ndinawonjezera /R:2 /W:5 kuti akalephera ayese kawiri kokha, kudikira masekondi asanu, kenako apite pa fayilo ina. Ndinawonjezera /XD ndi dzina la foda ya Chinkhoswe kuti aziidumpha, chifukwa si ya shopu. Ndinaika /TEE kuti zolembedwa mu log zizionekanso pa sikirini. Pa /MIR ndinaima kaye. Ubwino wake ndi woti hard drive siidzadza ndi zinyalala zimene unafufuta kalekale, koma kalilole amakutsanzira ngakhale pamene walakwitsa. Ndinamuchotsa n'kuika /E, amene amakopera mafoda onse osafufuta kanthu uko. Hard drive idzadzadza msanga, ndikudziwa, ndipo ndidzayenera kumaisesa ndekha nthawi ndi nthawi. Ndisanayendetse zenizeni ndinayesa kaye ndi /L, amene amangolemba zimene akanachita osakhudza fayilo iliyonse. Aphunzitsi ananena kuti /L ndiye woyenera kuyamba naye nthawi iliyonse Windows ikasintha, ndipo apa ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse.

Mafayilo a Documents onse pamodzi sanafike 4 GB, koma anatenga nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. Timafayilo ting'onoting'ono masauzande timachedwa kuposa vidiyo imodzi yaikulu ya kukula komweko, chifukwa kalikonse kamafuna kutsegulidwa, kulembedwa dzina, kutsekedwa. Ulendo uno sindinade nkhawa, mayina ankayenda pa sikirini ndikuwaona. Kumapeto kunabwera katebulo kamene robocopy amalemba nthawi zonse, kokhala ndi Copied, Skipped ndi FAILED. Pansi pa FAILED panali 0. Katebulo kameneka kakhala kakulembedwa madzulo aliwonse chaka chonsechi m'fayilo ija.

Mnzanga wina wa m'kalasi amene ali ndi MacBook anati nayenso Time Machine, pulogalamu ya backup ya pa Mac, imatha kukhala nthawi yaitali pa "Preparing backup" akangokweza macOS, ndipo anafuna kudziwa ngati ndi vuto lomweli. Ndinamufunsa funso la aphunzitsi lija, ngati pali chimene chikulembedwa ku disiki, iye n'kuti akaona.

Za OneDrive sitinamalize kukambirana. Atsibweni akufuna ichotsedwe chifukwa cha bandulo. Ine ndikuona kuti 5 GB yaulere ija ikukwanira makalata athu, ndipo hard drive yathu imagona mu kabati ya shopu yomweyo, pafupi ndi kompyuta, moti akuba kapena moto zikhoza kutenga zonse ziwiri usiku umodzi. Pakadali pano ndaiyatsanso koma ndauza Windows kuti intaneti yathu ndi ya bandulo, pa metered connection paja, kuti isamakweze zinthu mwachisawawa. Lachisanu lapitali ndinachita chinthu chimene sindinachitepo: ndinatenga hard drive, ndinailumikiza pa laputopu ya mnzanga, n'kutsegula mndandanda wa kalabu ina ya alimi wa chaka chatha. Unatseguka, mayina onse 42 alimo.